Zibuma za Zainabu M'bokosi la Sipika

Ndakonza mawailesi pa Liwaladzi kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo palibe munthu amene anabwererapo kudzanena kuti ndamuonongera chinthu chake. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mudziwe kuti amene anachita zimene ndifotokozezi sanali mbuli. Anali mmisiri wodziwa ntchito yake, kungoti analinso ndi kamtima kofulumira kukhumudwa.

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Kwa ife a mawaya imeneyo inali nyengo yokolola. Chipani chilichonse chinkafuna kumveka kuposa chinzake, masipika ankapsa sabata ndi sabata, ndipo onse ankathera pa benchi yanga, kaya mwini wake avale malaya a mtundu wanji.

Mwana wathu Zainabu anali m'chaka chake chomaliza ku sukulu ya ukachenjede ku Zomba, kumene ankaphunzira za miyala ndi dothi. Pa tchuthi anabwera ndi kampasi ndi thumba la pulasitala, n'kupita ku Kanyenda, kumunda kwa alamu anga, kumene kunali ng'anjo yakale imene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Tsiku lina ndinamutsatira kuti ndikaone chimene fizi yonse ija inkagula. Ndinamupeza atagwada, akudula dothi lopsa la ng'anjoyo m'zibuma zazikulu ngati chibakera. Chibuma chilichonse ankachiveka pulasitala pamwamba, n'kulembapo muvi woloza kumpoto asanachizule.

"Ababa," anatero, "m'dothi muno muli timchenga ta chitsulo, tating'ono toti maso sangatione. Dothi likapsa ndi moto n'kuzizira, timchengato timaloza kumene kunali kumpoto tsiku limenelo, ndipo timakhala choncho mpaka kalekale. Koma kumpoto kwa kampasi kumasendera pang'onopang'ono. Tikayeza kumene tikuloza, tidziwa nthawi imene ng'anjoyi inazima."

"Ndiye kuti dothili linajambula?"

"Eya, ngati kaseti."

"Ngati kaseti ndiye ndamva," ndinatero.

Ndinamvera ndi khutu limodzi. Linalo linali litatsekeka kale, chifukwa asanawerenge kampasi yake anandipempha kuti ndikaime patali pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi makiyi anga ndi sikuludiraiva ya m'thumba. Ine bambo wake, kuimitsidwa patali ngati mwana woyamba sukulu! Tsiku lobwerera ku Zomba, zibumazo zinali zisanaume bwino moti sakanatha kuzinyamula. Ndinamumva akuuza amake kuseri kwa chitseko kuti, "Zikhale kuchipinda kwanu, Amayi. Zisapite ku shopu kwa ababa." Mtima unandipweteka. Ndinati basi, mwana waphunzira, tsopano shopu imene yamulera yasanduka dzala. Sindinamufunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwera kalata yochokera kwa Zainabu. Aphunzitsi ake ankanyamuka Loweruka kupita ku Harare, kumene kunali makina oyezera zinthu zoterezi, ndipo zibuma zonse khumi ndi ziwiri zinayenera kufika ku Zomba pofika Lachisanu. Zainabu anali pakati pa mayeso, sakanabwera. Zikapanda kufika, kapena zikafika zoonongeka, analibe cholemba, ndipo zaka zinayi zikanathera m'madzi. Kubwerera ku ng'anjo kunali kosatheka, chifukwa alamu anga anali ataisalaza kale n'kubzalapo chinangwa.

Ndinati apa mpamene mwanayu adziwe kuti bambo ake amadziwa kusamala katundu. Mu shopu munali sipika yaikulu yofunika kukaikulungitsa waya watsopano ku Limbe, bokosi lake la thabwa lochindikala loti njovu ikhoza kukhalapo. Ndinatsegula kumbuyo, ndinathira mankhusu a mpunga, n'kusanja zibumazo kuzungulira maginito a sipika ngati anapiye pa thadzi. Zinalowa zisanu ndi zinayi. Zitatu zinakana.

"Zotsalazo ndipatseni," anatero amake Zainabu, mkazi wanga, amene anali atalengeza kale kuti ulendowu sutheka popanda iwo. Anazikulunga m'nsalu n'kuziika m'dengu, pakati pa usipa wouma ndi mpunga umene ankatengera mwana wawo.

"Zinthu za sayansi m'kati mwa usipa! Mulibe manyazi?"

"Mwana anati zisayandikire za ku shopu kwanu, bambo a Zainabu."

"Ankanena fumbi ndi mafuta. Bokosili ndalipukuta kawiri."

"Chabwino, amisiri ndinu."

Tinanyamuka Lachitatu m'mawa pa matola, galimoto yaing'ono yopanda denga imene inanyamula anthu, mabasiketi a nsomba ndi njinga ziwiri. Bokosi ndinalikumbatira mpaka pa boma. Kumeneko basi ya ku Salima inali itaima, injini ikulira ngati inyamuka pompo, koma inalira choncho maola atatu. Kondakitala anafuna kuponya bokosi langa padenga. Ndinakana. Tinakangana mpaka anandilipiritsa theka la mtengo wa munthu wamkulu, ndipo bokosilo linakhala pampando ngati mlendo wolemekezeka, ine pambali pake, amake Zainabu kumbuyo kwathu ndi dengu lawo pamiyendo.

Kutsidya kwa kanjira ka m'basimo kunakhala bambo wina wovala jekete lachikopa, dzuwa lonse lija. Amake Zainabu anamupatsa dzina loti a Jekete tisanadutse n'komwe pa Chia. Ankapita ku Balaka, ndipo ankauza aliyense kuti chisankho chikubwerachi aimira uphungu, ngakhale anali asanasankhe chipani.

"Sipikayi ndi ya chipani chanji, achimwene?" anandifunsa.

"Ndi ya chipani cha zinthu zakufa. Siyankhula."

"Ikachira mundibwereke. Ine vuto langa ndi limodzi, anthu akumbuyo sandimva."

"Ife akumbuyo tikukumvani bwinobwino," anatero amake Zainabu, basi yonse n'kufa nacho chiseko. A Jekete anaseka nawo, n'kuwagulira nthochi pa Benga.

Titangodutsa pa Benga, kutsogolo kunamveka phwaa, nthunzi n'kudzaza kwa dalaivala. Lamba wa injini anali ataduka. Kondakitala anakwera lole yopita ku Salima kukafuna wina, ife n'kutsika kukakhala m'mithunzi. Ndinatsitsa bokosi langa ndekha, sindinalole munthu kuligwira. Tinakhala pamenepo maola anayi. Amayi a m'mudzimo anabwera ndi chinangwa chophika ndi mango, a Jekete anachititsa msonkhano pa chulu kwa anthu asanu ndi awiri ndi mbuzi, ndipo ine ndinakonzera dalaivala wailesi yake yomwe inali itasiya kulira kuyambira nthawi ya referendamu. Nthawi ya swala ya masana itakwana, ndinapita ku kamzikiti ka udzu komwe kanali pafupi ndi msewu. Ndikanaswalira panja tsiku limenelo, bwenzi nditadziwa msanga.

Kondakitala anabwera ndi lamba wamfupi. Anamukoka anthu atatu mpaka analowa. Tinafika ku Salima basi ya ku Balaka itapita kalekale, ndipo tinakagona kwa msuweni wa amake Zainabu. Bokosi linagona kumutu kwanga.

Lachinayi tinakwera minibasi. Zinali zitangoyamba kuchuluka masiku amenewo, ndipo eni ake ankakhulupirira kuti mpando wa anthu atatu umakwana asanu ngati onse ali ndi mtima wabwino. A Jekete analimo. Bokosi linalipiranso mpando wake, nditakangananso ndi kondakitala wa minibasiyo. Tinayenda bwino mpaka kudutsa Chipoka, koma tisanafike pa Golomoti tinapeza mzere wa magalimoto. Mlatho unali kukonzedwa, ndipo njira yapambali, yodutsa mumtsinje, inali itamira ndi madzi a mvula ya kumapiri. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti, "Madziwa ndi alendo, apita okha." Wina anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, ndipo anthu akuluakulu tinakhala tikukayang'ana kamtengoko ngati mpira.

Dzuwa linapendeka, nthawi ya swala inakwana, ndipo kunalibe mzikiti. Ndili ndi kampasi yaing'ono imene bambo anga anandisiyira, yopezera kibula, mbali imene ife Asilamu timayang'ana poswali. Ndinatawaza kumtsinje, kusamba kokonzekera swala, ndinayala mkeka, n'kuika kampasiyo pamalo osalala amene anali pafupi, pamwamba pa bokosi langa.

Singano inazungulira n'kuloza ku phiri. Ndinati mwina yachita dzimbiri. Ndinaisunthira kumapeto ena a bokosi, singano inatembenuka n'kuloza kumtsinje. Kulikonse kumene ndinaiika, inkayang'ana pakati pa bokosi, pamene panali maginito. Nditayenda nayo masitepe asanu, inakhazikika bwinobwino, kuloza kumpoto monga mwa masiku onse.

Ndinakumbukira mtengo wa mango ku Kanyenda, ndi makiyi anga, ndi sikuludiraiva. Ndinakumbukira mawu aja oti ngati kaseti. Ine amene ndinakhala zaka zonsezo ndikukalipira makasitomala kuti kaseti saiika pa sipika, nyimbo zimafufutika, ndinali nditatenga makaseti asanu ndi anayi a mwana wanga n'kuwagoneka pa maginito masiku awiri, n'kuwalipirira mpando.

Ndinaswali, koma Mulungu andikhululukire, sindikudziwa ngati ndinawerenga bwino. Nditamaliza ndinamasula bokosi, ndinatulutsa zibumazo, n'kupita nazo patali.

"Kwagwanji?" anafunsa amake Zainabu.

Ndinawafotokozera. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuzani, ndipo akanakhala ndi ufulu wonse. Sananene. Anavula nsalu yapamwamba n'kuyamba kukulunga zibumazo chimodzichimodzi.

"Si fumbi limene mwana ankaopa," ndinatero.

"Inenso sindinkadziwa chimene ankaopa. Ndinangomvera."

Madzi atatsika, ndinaitana kondakitala n'kumuuza kuti aike bokosi padenga, chakumbuyo kwenikweni. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Madala, m'mawa munafuna kundimenya chifukwa cha bokosi lomweli."

"Likweze. Likagwa ligwe."

Kuchokera pa Golomoti mpaka pa Balaka sindinaone chilichonse cha panjira. Ndinkangoyang'ana zibumazo pamiyendo ya mkazi wanga. Zinali bwinobwino, zosasweka, mivi yake yooneka. Palibe munthu akanadziwa. Maganizo amenewa anandibwerera kangapo, ndipo titatsika pa Balaka kudikira galimoto ina, ndinawatulutsa.

"Amake Zainabu, mwina sizinaonongeke. Tikamuuza, tingomusokoneza mutu pakati pa mayeso."

"Mukuopa mayeso kapena mukuopa nkhope yake?"

Asanandipatse mpata, anapitiriza.

"Maso sangaone, koma makina a ku Harare akaona. Ndiye mwana akachite manyazi pamaso pa aphunzitsi ake, osadziwa kuti walakwitsa pati? Aziganiza kuti mutu wake ndiye woperewera? Mukamuuza ndinu. Ine ndikaima pambali panu, koma pakamwa pakakhala panu."

A Jekete, amene ulendo wawo unathera pamenepo, anabwera kudzatsanzika. Anali atamva zonse, pakuti mu minibasi mulibe chinsinsi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndimayankhula tsiku lonse, koma mawu amene mukukanenawo sindinawanenepo kwa mwana wanga. Mukalimbe." Sindikudziwa ngati anapambana uphungu uja, koma voti yanga akanaipeza.

Tinafika pa Liwonde madzulo pa lole ya simenti. Pa chipata cha apolisi, wapolisi wina anavundukula nsalu n'kuona zibuma zoyera zokhala ndi mivi.

"Izi ndi zamankhwala, mayi?"

"Ndi sukulu ya mwana wanga," anatero amake Zainabu.

Anazinunkhiza, anagwedeza mutu, n'kutiuza kuti tipite, sukulu za masiku ano sazimvetsa. Tinagona kwa mnzanga wina wa mawailesi, ndipo sipika ndinaisiya komweko kuti ndidzaitenge pobwerera. Sindinafune kuionanso pafupi.

Lachisanu m'mawa tinafika ku Zomba. Zainabu anatuluka m'chipinda cha mayeso inki ili m'zala, anatithamangira, anagwada kutilonjera. Anali ataonda. Anawerenga zibumazo, n'kumwetulira.

"Zonse khumi ndi ziwiri, ngakhale chimodzi chosweka! Ababa, ndinadziwa kuti inu simungandigwetse."

Bwenzi atanditukwana, zikanapepuka. Amake anandigunda ndi chigongono.

"Mwanawe, khala pansi," ndinatero. Ndinamuuza zonse, za bokosi, za mankhusu, za kampasi ya pa Golomoti. Sindinachotsepo kanthu.

Zainabu anagwira pakamwa. Kenaka anatulutsa kope m'chikwama.

"Sipika yaikulu bwanji? Zinatalikirana bwanji ndi maginito? Zinakhalamo maola angati?"

Ndinayankha ngati ndili pa khoti. Analemba zonse. Anatenga cholembera n'kuika kamtanda pa zibuma zisanu ndi zinayi zija. Atafika pa zitatu zotsala, anazinunkhiza.

"Izi bwanji zikununkha usipa?"

"Zinakwera kalasi yotsika," anatero amake. "M'dengu mwanga."

Zainabu anaseka, misozi ili m'maso. Ine kuseka kunandikanika.

"Ndiye zatha?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, Ababa. Timchenga tokulirapo n'totengeka, maginito akabwera timaiwala zakale n'kutsatira zatsopano. Amenewo ndiye apita. Koma tating'onoting'ono kwambiri n'touma mutu, sititembenuka wamba. Ku Harare kuli makina amene amachotsa zojambulidwa pamwamba pang'onopang'ono, kuti zapansi zimveke. Poti mwandiuza, aphunzitsi akadziwa choti achotse. Zitatu zokha sizikwana kulembera, koma zikhala mboni. Ngati zinazo zikagwirizane nazo, ndapulumuka."

"Zikapanda kugwirizana?"

"Ndidzabwera kudzakuthandizani ku shopu."

Ananena moseka, koma ine zinandilasa. Ndinamufunsa funso limene ndinayenera kufunsa miyezi iwiri m'mbuyomo.

"Bwanji sunandiuze chifukwa chake? Ine ndinkayesa ukuchita manyazi ndi shopu yanga."

Anandiyang'ana modabwa zenizeni.

"Manyazi? Ababa, amayi ndiye ndinawauza chifukwa sadziwa za maginito. Inu ndikanakuuzani chiyani? Si inu munandimenya pa dzanja ndili Sitandade 2, nditaika kaseti pa sipika? Si inu munandipatsa maginito a wailesi yakufa, ndizikakoka nawo mchenga wakuda kunyanja? Tsiku limene ndinaona mchenga ukuimirira ngati tsitsi, ndi limene ndinayamba sukulu imeneyi. Zonsezi ndinazitenga pa benchi yanu."

Ndinayang'ana kumbali, ku phiri lawo lija la mitengo yambiri, mpaka maso anauma.

Tinabwerera Loweruka. Ulendo wobwerera unalibe vuto lililonse, ndipo sindikumbukirapo kanthu. Chimene ndikukumbukira ndi miyezi itatu yotsatira. Galimoto ya makalata ikaima pa Liwaladzi, ndinkasiya wailesi ili chitsegulire n'kupita kukafunsa. Amake Zainabu ankati ndidzamaliza nsapato. Iwonso ankasuzumira pakhomo nthawi yomweyo, ati akuona nkhuku.

Kalata inafika m'mwezi wa February, m'mawa, mvula ikuwaza. Ndinaitsegulira mu shopu, amake ataima pakhomo ndi lichero m'manja.

"Werengani mokweza, musadye nokha."

Zainabu analemba kuti zibuma ziwiri, zimene zinagundana ndi maginito, zinaonongekeratu. Zisanu ndi ziwiri zinatsukidwa bwino, ndipo zonse zinaloza kumodzi ndi zitatu za usipa zija. Ng'anjo ya ku Kanyenda inazima zaka mazana angapo zapitazo, ndipo aphunzitsi ake anati nkhani ya sipika ailembe m'pepala lake lomaliza, chifukwa yasonyeza poyera kuti timchenga tosunga zakale ndi titi. Pansi penipeni anaonjezera mzere umodzi: "Tating'ono tija sitinaiwale, Ababa. Ngakhale ine."

Ndinapinda kalatayo, ndinaitambasulanso, ndinayamba kufunafuna sikuludiraiva imene inali m'dzanja langa.

"Mukulira, bambo a Zainabu?"

"Ndi utsi wa mbaula uwu."

Mbaula yotenthetsera chitsulo changa chowotcherera mawaya inali isanayatsidwe kuyambira m'mawa, makala ake ali akuda bii pakona. Amake Zainabu anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lathu anandisiya ndipambane.